Nyumba Imene a Rapson Adamangira Amayi Awo

A Rapson Ndau ndi munthu wamfupi, wa mapewa otakata ndi zikhatho zokhakhala ngati khungwa la mbawa. Amene ankakwera thiramu ya m'mawa, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, ku West Bromwich m'zaka zimenezo adawaonapo, atavala jekete yachikasu ndi chipewa chaubweya chofika m'makutu. Ankagwira ntchito m'weyahausi, chinyumba chosungiramo matailosi, kukweza ndi kutsitsa mapaleti, matabwa osanjikapo katundu, tsiku lonse. Koma ntchito imene idali m'magazi mwawo idali yomanga nyumba, ndipo mpeni womangira ndi levulo adabwera nazo m'sutukesi ngakhale kuti kuno kutsidya la nyanja, kudziko la azungu, sadazigwiritsepo ntchito.

Ku mpingo wa Amalawi umene unkasonkhana m'holo yobwereka ku Kings Heath adali mkulu wa mpingo, ndipo achinyamata ankawaopa. Sankaseka chisawawa. Akamva kuti wina watha chaka osaimbira makolo ake, ankamukokera pambali n'kumutsuka m'makutu. Mathero ake adali amodzimodzi nthawi zonse. Ankatambasula manja awo n'kunena kuti, "Ine sukulu sindidapite nayo patali, koma amayi anga ndidawamangira nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, ndi manja awa." Mawuwo sadali bodza lenileni. Koma choonadi chidali chachitali kuposa pamenepo.

Ku mpingo ankadziwika kuti kwawo ndi pa Lizulu, ku Ntcheu, ndipo mapepala awo ankanena zomwezo. Koma mchombo wawo udagwera tsidya lina la msewu, ku Mozambique, m'mudzi wa Kambwiri, ulendo wa maola ochepa pa njinga. Pa Lizulu msewu ndiwo malire. Uku ndi uko chilankhulo n'chimodzi, mafunda ndi amodzi, ndipo munthu akafuna kubisa mbali imene adabadwira savutika.

Nkhondo idafika ku Kambwiri mu 1986. Bambo awo adaphedwa ali kumunda. Rapson, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, adathawa ndi amayi ake, a Nangozo, ndi mlongo wake wamng'ono, Callista. Adakhala zaka zisanu ndi zitatu mumsasa wa othawa nkhondo. Kumeneko ndi kumene adaphunzira kumanga, poyamba monga woponda dothi, kenaka monga mmisiri. Ndi kumenenso adaonana ndi Zelipa, namwino wachitsikana wa ku Ntcheu. Abale a Zelipa sadamufune. Ankati munthu wothawa nkhondo alibe kwawo, alibenso mwambo.

Mtendere utabwera, boma la kwawo lidakonza ndondomeko yolandira anthu ake. Akuluakulu adafika ku msasa ndi mabuku, nalemba mayina. Banja lililonse lobwerera lidalonjezedwa malo, makasu ndi mbewu. Amisiri adalonjezedwa zoposa apo: ntchito ya zaka ziwiri yomanganso sukulu imene idatenthedwa, ndi nyumba ya njerwa mumzere watsopano pafupi ndi sukuluyo. Lamulo lidali limodzi lokha, loti nyumbayo ndi ya mmisiri amene wabwerera kudzakhala.

Rapson adalembetsa, ndipo mu Meyi 1994 adakwera lole ndi amayi ake ndi Callista. Iye ndi anzake adamanga nyumba khumi ndi ziwiri. Yake idali yachisanu ndi chinayi, ya zipinda zitatu ndi khonde loyang'ana kum'mawa. Pamene inkamangidwa, amayi ake adazika kakhitchini ka udzu kuseri kwake kuti aziyamba agonamo ndi Callista. Nyumba zitatha amisiri adayamba sukulu. Makoma atafika pa mawindo, kalata idabwera kuchokera kwa Zelipa. Adati amusamutsira ku Lilongwe, ndipo ngati Rapson akufuna banja abwere tsopano, pakuti iye sangakakhale kumene mabomba akadali m'minda.

Lachisanu m'mawa Rapson adapereka kiyi kwa amayi ake nati, "Ndikukatenga mkazi. Nyumba muziiyang'anira. Tibwera mvula isanagwe." Mumtima ankadziwa kuti sabwera. Adadzitonthoza kuti amayi akaona kuti wachedwa, adzatola mphasa yawo n'kulowa m'nyumba, ndipo iye adzakhala atawasiyira chinthu chooneka.

Atakwatirana ndi Zelipa, zaka zisanu ndi zitatu adakhala ku Lilongwe akumangira anthu ena. Ku Kambwiri sadapondeko, poopa maso a amisiri anzake amene adawasiyira sukulu ili pakati. Kamodzi pa chaka ankakumana ndi Callista pa msika wa Lizulu n'kumupatsa shuga, sopo ndi chitenje cha amayi.

"Nyumba ili bwanji?" ankafunsa.

"Ili bwino, achimwene. Sidontha."

"Amayi ali bwanji?"

"Ali bwino. Akufunsa kuti mubwera liti."

"Chaka chamawa."

Sadafunsepo kuti m'nyumbamo mukugona yani. Mu 2002 Zelipa adapeza ntchito m'chipatala cha kuno, ndipo a Rapson adatsatira ndi mwana wawo Mwai. Shuga ndi zitenje zidapitirira kufika kudzera kwa mwini golosale wina pa Lizulu, ndipo mawu oti chaka chamawa ankapita nazo limodzi.

Lamulungu lina mu Okutobala 2006, mapemphero atatha, anthu adakhala pansi kudya mpunga ndi nkhuku. Padali mlendo, namwino watsopano wochokera ku Dedza, dzina lake Helen, amene adali atangotha masabata atatu kuno. Amene ankamuzungulitsa kwa anthu adali a Wallace, bambo wa ku Chipata wogwira ntchito limodzi ndi a Rapson, munthu wosatha kutseka pakamwa.

"Sisita, awa ndiye ba Ndau, bishopu wathu wopanda chisoti," adatero a Wallace. "Mukaleka kuimba foni kwanu, amakumvani fungo muli pakhomo."

Helen adapinda maondo pang'ono. "A Ndau a kuti, bambo?"

"Pa Lizulu."

"Ndiye ndife anansi. Achimwene anga adakwatira tsidya, ku Kambwiri. Ndinali komweko mu Ogasiti kukatsazika. Kumenekonso kuli a Ndau, koma awo nkhani yawo munthu sudziwa kaya useke kaya ulire."

A Rapson adatsitsa supuni. Helen sadaone, pakuti amayi awiri adali atamukokera kale mpando kuti anene nkhaniyo.

"Kuli mzere wa nyumba zimene boma lidamangitsa anthu atabwerako kothawa nkhondo," adatero Helen. "Imodzi ndi yokongola kuposa zonse, koma chiimangireni simunagonemo munthu. Gogo wina amaitsekula m'mawa uliwonse, kusesa, kutsekula mawindo, dzuwa likapendeka n'kutseka. Iye amagona m'kakhitchini ka udzu kuseri, pamodzi ndi nkhuku. Mvula ikamagwa amafunda thumba la feteleza."

"Mutu wake ukuyenda bwino?" adafunsa mtsikana wina wokulira kuno.

"Ukuyenda bwino kuposa wanga. Mwana wake adachoka akuti akukatenga mkazi. Ndiye paja mayi sangagone m'nyumba ya mwana wake wamwamuna wapabanja, makamaka eni ake asanayatsemo moto. Akudikira. Chaka chino n'cha khumi ndi chiwiri. Kale akuluakulu akafuna kuilanda, gogoyo ankawagwadira kuti mwini wake ali m'njira. Koma tsopano kukubwera aphunzitsi atsopano, ndipo anena kuti Novembala akatha nyumba yopanda munthu aitenga."

"Mwamuna ameneyo mkazi akukamutenga kumwezi?" adatero a Wallace, anthu n'kuseka.

"Ndiye kumeneko lidasanduka dzina," adapitiriza Helen akuseka naye. "Mwana ukamutuma kuchigayo n'kuchedwa, amati wachita za Rapisoni."

Kuseka kudazima pang'onopang'ono, kuyambira kwa akuluakulu. Aliyense m'holomo, kupatula mlendoyo, ankadziwa dzina loyamba la mkulu wa mpingo. A Wallace adayesa kupulumutsa zinthu mwa njira yawo.

"Ba Rapson, kapena ndinu? Nenani tikuthandizeni kunyamula mkazi."

"A Rapson ndi ambiri," adayankha iwo. "A Ndau ndi ambirinso. Ine kwathu ndi pa Lizulu."

Adatola supuni n'kumaliza mpunga wonse, poopa kuti akausiya anthu adzadziwa. Tsidya la tebulo Zelipa adawayang'ana kamodzi, kenaka adadzuka kukathandiza kutsuka mbale.

Pobwerera adakwera basi yopita m'tauni. Kenaka adakwera thiramu. Atafika kunyumba Zelipa adatumiza Mwai kwa anzake, natseka chitseko cha kukhitchini. Sadavule ngakhale duku la kutchalitchi.

"Bambo a Mwai, tsiku mudachoka ku Kambwiri mudawauza chiyani amayi anu?"

A Rapson adayang'ana pa sinki.

"Ndafunsa."

"Ndidati ndikukatenga mkazi."

"Kuti tikakhale kumeneko?"

"Eya."

"Ine mudandiuza kuti mwatsazika, nyumba mwawapatsa, iwo adalitsa." Zelipa adakhala pa mpando. "Ndiye zaka zonsezi akudikira ine. Ine kuno mashifiti usana ndi usiku, kuyalira mabedi azigogo a eni ake, apongozi anga akufunda thumba la feteleza m'dzina langa, ine osadziwa."

"Ndinkayesa adalowa."

"Munkayesa. Ku Lilongwe amayi anga atabwera kudzaona Mwai ali wakhanda, ndani adathamangira kwa aneba kukawapemphera pogona, kuti m'nyumba mwathu si mwambo? Ndani?"

"Ndine."

"Mwambo munkaudziwa pa amayi anga. Pa amayi anu mudauiwala?"

Sadauiwale. Adangouika pamalo pamene maso safikapo, ndipo chaka ndi chaka ankasamala kuti asafunse funso limene likadauvundukula. Izi adazidziwa ataima pa sinkipo, koma pakamwa padatuluka zina.

"Tibuke matikiti. Mupemphe livu ya masabata awiri. Tikagonemo usiku umodzi, tiyatse moto, akuluakulu aone kuti mwini wake alipo."

"Kenaka?"

"Kenaka tibwerere."

"Tikabwerera nyumbayo ikhala ya yani? Yanu. Chipinda chanu, mphasa yanu. Ndiye mwaitseka kawiri. Adzasesa mpaka tsache lidzawagwa m'manja. Mukufuna ndikwere ndege ziwiri kuti ndikakuthandizeni kunama bodza lachiwiri?" Adavula duku n'kuliponya pa tebulo. "Ndikufunseni bwinobwino. Inu mudzapita kukakhala ku Kambwiri?"

A Rapson adayang'ana duku lija pa tebulopo.

"Ine sindipita, ndipo ndidakuuzani kale ndili mtsikana. Mwai Chichewa amangomva, poyankha amayankha Chingerezi. Inu mupita?"

"Ayi."

"Mawu amenewo woyenera kuwamva si ine."

M'mawa mwake ku weyahausi adagwira ntchito osadzutsa mutu. Nthawi ya tiyi a Wallace adabwera n'kukhala pambali pawo pa paleti yopanda kanthu. Kwa nthawi yoyamba chidziwireni, a Wallace adamwa theka la kapu ali chete.

"Ba Ndau, dzulo pakamwa panga padathamanga kuposa mutu."

"Zidatha."

"Sizidathe. Inu mukanama khutu lanu limagwedera, ndidaona." Adatulutsa kapepala m'thumba. "Adiresi ya sisita uja ndi iyi, ku Oldbury. Ngati Rapisoni si inu, pepalali mupukutire mphuno."

Lachiwiri ataweruka adakwera basi ya ku Oldbury. Helen ankakhala m'chipinda cha lendi pamwamba pa shopu yogulitsa makapeti. Atatsekula chitseko adapeza mkulu wa mpingo ataima, chipewa chili m'manja, mvula yowaza ikuwanyowetsa dazi.

"Mayi, Lamulungu ndidanama pamaso pa mpingo. Rapisoni uja ndine. Gogo uja ndi amayi anga ondibereka."

Helen adagwira pakamwa, kenaka adagwada pakhomo pomwepo. "Pepani, bambo. Ndikadadziwa sindikadatsekula pakamwa."

"Dzukani. Wopepesa si inu."

Adalowa n'kukhala m'mphepete mwa mpando. Adafunsa zonse, ndipo Helen adayankha akuyang'ana pansi. A Nangozo maso ayamba kuchita khungu koma akuyenda. Callista adakwatiwa ndi kalipentala dzina lake Henry, yemwe adakhoma denga la sukulu ija. Ali ndi ana asanu m'nyumba ya zidina tsidya la msewu, moyang'anizana ndi nyumba yotsekayo.

"Nanga Callista bwanji sadandiuze? Chaka ndi chaka tinkaonana."

"Bambo, mlongo angauze mchimwene wake za kumene ayenera kugona ndi akazi ake? Pakamwa pake pangatuluke? Iye ankadikira kuti mufunse."

Mchimwene wa Helen adali m'komiti ya sukulu, ndipo Helen ankadziwa zimene akuluakulu adanena. Nyumba ikhoza kukhalabe m'banjamo ngati mwini wake anena yekha, mboni ziwiri zikumva, kuti waisiya, ndipo wolowamo akhale mmisiri wokhala pamudzipo. Henry adali woyenera. Chotsala chidali pakamwa pa a Rapson.

Ku Kambwiri foni sinkagwira. Koma Loweruka lililonse mchimwene wa Helen ankatsika ndi ngolo ya kachewere ku msika wa Lizulu, ndipo kumeneko inkagwira. Adapangana kuti Loweruka la sabata yotsatira anyamule a Nangozo, Callista ndi Henry.

Masiku khumi ndi limodzi amenewo a Rapson adaonda. Lamulungu la pakati sadapite kutchalitchi. Kawiri adatsala pang'ono kuimbira Helen kuti aimitse ngolo, poganiza kuti mwina kalata ingakwane. Koma amayi awo sankawerenga, ndipo kalata ikadawerengedwa ndi pakamwa pa munthu wina.

Loweruka litafika adagula khadi la foni pa shopu ya pakona, nabwerera kunyumba n'kuvala jekete ya kutchalitchi. Zelipa adali atangoweruka, koma sadakagone. Adakhala pa sofa atapinda manja. Nthawi ya 11 koloko a Rapson adaimba ali chiimire.

Choyamba kumveka lidali phokoso la msika, mabelu a njinga ndi anthu otsatsa kabichi. Mchimwene wa Helen adapereka moni, nanena kuti mboni yachiwiri, mphunzitsi wamkulu wa sukulu, ali pomwepo, ndipo foni aikweza kuti onse amve. Kenaka padabwera mawu aang'ono, onjenjemera, amene a Rapson sadawamve kwa zaka khumi ndi ziwiri.

"A Ndau."

"Wawa, amayi."

"Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu, amayi?"

"Ndadzuka. Mayi a Mwai adzuka bwanji? Mwai wadzuka bwanji?"

"Onse adzuka bwino."

"Atandiuza kuti mukundifuna pa Lizulu, ndimati mwafika, katundu wakulemerani. Ndavala chitenje mudatumiza chaka chatha. Pa ngolo m'pamene andiuza kuti ndi za pa foni."

A Rapson adagwira khoma. Mawu onse amene adakonza m'thiramu sabata yonse adabalalika, ndipo adatsala ndi ochepa okha.

"Amayi, ine sindibwera."

"Chaka chino?"

"Chaka chilichonse. Kudzacheza mwina, koma kudzakhala ayi. Tsiku lomwe ndinkachoka ndinkadziwa kuti sindibwera. Mayi a Mwai sadalonjeze kanthu, sankadziwa n'komwe. Wonama ndine ndekha."

Kudamveka mabelu a njinga okhaokha. Munthu wina patali ankakangana ndi mnzake za mtengo wa anyezi.

"Amayi, mukundimva?"

"Ndikumva. Makutu ndi abwino, ovuta ndi maso."

"Nyumba ija si yanganso. Ndaisiya lero, aphunzitsi ndi achimwene a Helen akumva. Ndikuipereka kwa Callista ndi a Henry. Ayatsemo moto iwo. M'nyumba ya mwana wamkazi muli ndi malo, amayi. Mulowe mvula isanayambe."

Mphunzitsi wamkulu adapempha kuti abwereze ndi dzina lawo lonse, ndipo adabwereza. Henry adathokoza mwachidule. Callista ankamveka akufwenthera. Kenaka a Rapson adafunsa funso limene likadayenera kufunsidwa kalekale.

"Amayi, mutaona kuti ndachedwa, bwanji simudangolowa?"

"Ndilowe? Inu mubwere ndi mwana wa eni ake, apeze mphasa ya apongozi ake m'chipinda? Kwawo ankanena kale kuti ife othawa nkhondo tilibe mwambo. Ndimati akabwera adzaone yekha kuti tili nawo."

Zelipa adaphimba nkhope ndi manja onse awiri.

"Mukadanena tsiku lomwe lija, sindikadakumangani miyendo," adapitiriza a Nangozo. Sadakweze mawu. "Mwana wamwamuna amapita kumene kuli mkazi wake, si zachilendo. Callista wabereka ana asanu m'nyumba yodontha, akuyang'ana nyumba youma. Chimenecho chokha."

"Ndalakwa, amayi."

"Mwalakwa." Adakhosomola. "Tsopano ndifunse, poti lero ndi tsiku lonena zoona. Pafupi ndi bambo anu ndidasungitsa malo awiri, anga ndi anu. Anuwo ndisungebe?"

Pakhosi pa a Rapson padafika mawu oti sungani. Adali mawu ofewa, osavuta kunena, ndipo akadakondweretsa nkhalamba pa ngolo yobwerera. Adawameza.

"Musasunge, amayi. Ine adzandiika kuno."

"Kumeneko aliko anthu okumba manda?"

"Aliko."

"Achibale?"

"A mpingo."

"Chabwino. Ndamva. Moni kwa mayi a Mwai. Muwauze kuti ine ndilibe nawo chifukwa."

Foni idabwerera kwa mchimwene wa Helen, amene adati ng'ombe zatopa ndipo ulendo ndi wautali. A Rapson adatsala ataima ndi foni yozima m'manja. Zelipa adadzuka, nawavula jekete ngati mmene amavulira odwala, n'kukaipachika.

M'mawa mwake, nthawi ya zolengeza, adapempha kulankhula. Sadakwere kutsogolo. Adaima pamalo pawo n'kunena kuti kwawo ndi ku Kambwiri, ku Mozambique, kuti nkhani imene mlendo adanena idali yawo, ndi kuti adakana amayi awo mpunga uli m'kamwa. Adati ukulu wa mpingo autula. Abusa adayesa kuwaletsa ndi mawu a chikhululuko, koma iwo adati kukhululukidwa n'kwina, kukalipira ana a eni n'kwina. Achinyamata ena amene adawakalipirapo adayang'anizana. Ena adayang'ana pansi ngati olakwa ndi iwo. Palibe adaseka, ngakhale a Wallace. Kuyambira tsikulo a Rapson ndiwo ankapinda mipando anthu akatuluka.

Mvula yoyamba ku Kambwiri idagwa pakati pa Novembala. Lamulungu lotsatira Helen adawapeza akuunjika mipando pakona, nadikira kuti anthu achepe.

"Bambo, achimwene anaimba dzulo. A Henry ndi akazi awo adalowa sabata ziwiri zapitazo, akuluakulu adasintha dzina m'buku. Gogo adalowa patapita masiku atatu. Adatenga chipinda chaching'ono, amagona ndi zidzukulu ziwiri."

"Mvula idawapeza ali m'kati?"

"Ali m'kati. Koma akudandaula. Akuti malata amasokosa, munthu sungagone, udzu unkagwetsa mvula mwaulemu."

A Rapson sadaseke. Adaika mpando pamwamba pa unzake, nauwongola.

"Za ine adanenapo kanthu?"

Helen adayang'ana nsapato zake. "Ayi, bambo. Adangopempha chithunzi cha Mwai. Akuti chikhale chachikulu, kuti maso awo athe kuona."

Chithunzi adatumiza sabata yomweyo. Zelipa adatulutsa zambiri m'kabati, zina za pa Khirisimasi atatu onse atakhala pa sofa. A Rapson adaziyang'ana nthawi yaitali, kenaka adasankha cha kusukulu, chimene Mwai adajambulidwa ali yekha.